Tinajambula uthenga m'Chitamang chomwe eni mudzi sanachimve: zomwe zinandichitikira ku Rasuwa

Ndalemba nkhaniyi poganizira anzanga ogwira ntchito yofalitsa uthenga wa zaumoyo ndi chitukuko, makamaka omwe mabungwe amawatumiza kumadera komwe chikalata cha ntchito chimangotchula dzina la chinenero ngati kuti dzinalo likukwanira. Ine ndinatumizidwa ku Nepal kumayambiriro kwa 2016, dzikolo likadali m'mavuto a chivomerezi cha pa 25 Epulo 2015 chomwe chinapha anthu pafupifupi 9,000. Ndinali nditagwira kale ntchito pa wailesi za m'madera kwathu ku Malawi, ndipo bungwe lomwe linandilemba linkafuna munthu wodziwa kukonza mauthenga omvera, oti aziulutsidwa pa wailesi, pa zimkuzamawu ndi pa mafoni. Mauthengawo anali okhudza madzi akumwa, matenda otsekula m'mimba mwa ana, ndi kamangidwe ka nyumba zamiyala zosagwa msanga. Midzi yomwe tinapatsidwa inali kumtunda kwa boma la Rasuwa, kufupi ndi malire a Tibet, ndipo pa mzere wa chinenero panalembedwa mawu amodzi okha: Tamang.

Nditafika ku Kathmandu ndinapeza mizere italiitali ya galimoto pamalo omwetsera mafuta, chifukwa malire a dzikolo ndi India anali otsekeka kuyambira Sepitembala 2015 ndipo anatsegulidwa mu Febuluwale 2016. Ulendo wokaona midzi yathu unkangosunthidwa sabata ndi sabata. A ku ofesi anati tisataye nthawi, tiyambe kumasulira ndi kujambula mauthenga mumzinda momwemo, kuti mafuta akapezeka tidzanyamuke ndi katundu wokonzeka. Maganizowa ankaoneka anzeru kwa aliyense, ndipo ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Mavuto onse omwe ndikufotokoza m'munsimu anayambira pamenepo, pa kukonza uthenga tisanamvepo ngakhale munthu mmodzi wa m'midziyo akulankhula.

Pofuna kuti ndisamangoyang'ana anthu pakamwa, ndinapeza mphunzitsi wa Chitamang yemwe ankakhala ku Boudha, dera la mumzindawo komwe kuli Atamang ambiri. Anali bambo wophunzira bwino, wochokera m'boma la Kavrepalanchok, kum'mawa kwa Kathmandu, ndipo ankachikonda chinenero chake mochititsa kaso. Iye ndiye anandiuza kuti Chitamang si chinenero chaching'ono ayi: pa kalembera wa 2011 anthu oposa 1.3 miliyoni anati ndicho chinenero chawo chobadwa nacho, zomwe zinachiika pa nambala 5 m'dziko lonse, pambuyo pa Chinepali, Maithili, Bhojpuri ndi Tharu. Sichili pa ubale ndi Chinepali konse. Chinepali ndi cha m'banja limodzi ndi Hindi, pomwe Chitamang ndi cha m'banja la zinenero za Tibet ndi Burma, ndipo abale ake enieni ndi Gurung, Thakali ndi chinenero cha ku Manang.

Pa maphunzirowo panali zina zomwe Chichewa chinandithandiza. Chitamang chimasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh monga momwe ife timachitira, ndipo pomwe anzanga a ku Ulaya ankavutika kumva kusiyanako, ine ndinkakumva popanda kuuzidwa. Nkhani yoti liwu likakwera kapena kutsika tanthauzo limasintha sinandidabwitsenso, poti aliyense wa ife amadziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika satchulidwa mofanana. Koma kufanana kunathera pomwepo. Akatswiri monga Martine Mazaudon, yemwe anafufuza kalankhulidwe ka m'mudzi wa Risiangku ndi kusindikiza buku lake mu 1973, anaonetsa kuti Chitamang chili ndi mitundu 4 ya kamvekedwe ka liwu. Iwiri ndi yokwera, ya liwu loyera, ndipo iwiri ndi yotsika, ya liwu lotuluka losakanikirana ndi mpweya ngati munthu akulankhula uku akupuma. Kamvekedweko sikakhala pa chidutswa chimodzi cha mawu, koma kamayala pa mawu onse pamodzi ndi tizidutswa tomatidwa kumapeto kwake. Moto ndi me, ng'ombe ndi mhe. Diso ndi mi, munthu ndi mhi. Chilembo h chomwe ndalemba apachi si liwu lapadera, chikungosonyeza mpweya uja ndi kutsika kwa liwu. Ndinkabwereza mawuwa mpaka kukhosi kuuma, mphunzitsi wanga n'kumapukusa mutu modekha kuti ndiyesenso.

Kasanjidwe ka chiganizo nakonso n'kosiyana ndi kathu. Mneni amabwera kumapeto, mwininkhani ndi pamtherankhani zitatsogola. Ntchito ya dzina m'chiganizo imadziwika ndi kachidutswa komatidwa kumapeto kwake: m'kalankhulidwe komwe ndinkaphunzira, -se amasonyeza wochita chinthu pa china, -da wolandira, -la mwini chinthu, ndipo -ri malo. Kukana kumasonyezedwa ndi a- kumayambiriro kwa mneni, pomwe kuletsa kumasonyezedwa ndi tha-. Ndatchula zimenezi chifukwa pambuyo pake zinadzakhala nkhani ya moyo wa ana, osati ya m'kalasi chabe.

Mphunzitsi wangayo ananditchulira ndithu kuti kumadzulo amalankhula mosiyanako, koma anazinena mongodutsa, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi kusiyana kwa mtundu wa Chichewa cha ku Dedza ndi cha ku Zomba, komwe anthu amasekana katchulidwe koma amamvana bwinobwino. Funso lomwe ndikanafunsa tsiku limenelo, ndipo ndikupempha aliyense kuti azilifunsa, ndi lakuti: kodi mayi wachikulire wa kuno ndi mayi wachikulire wa uko, onse osapita kusukulu, akakumana amacheza m'chinenero chiti? Ndikanafunsa choncho ndikanamva yankho lomwe ndinadzalimva mochedwa, loti Atamang a kum'mawa ndi a kumadzulo nthawi zambiri amathawira ku Chinepali kuti amvane.

Ntchito yomasulira inayenda motere. Ine ndinalemba mauthenga m'Chingerezi, mnzanga wa mu ofesi anawaika m'Chinepali, ndipo omasulira awiri a mumzinda, onse a kum'mawa, anawaika m'Chitamang cholembedwa m'zilembo za Devanagari, zomwe Chinepali chimalembedwera. Tinalipira situdiyo yabwino, tinalemba ntchito owerenga a mawu okoma omwe anazolowera za pa wailesi, tinaikamo ndi kang'oma ka damphu koyambira ndi kotsekera. Tinagula mamemole khadi ambiri n'kukoperamo zonse, tinasindikizanso zikwangwani zamitundu. Titawerengera, pafupifupi theka la ndalama zonse za gawo langa zinali zitapita tisanatuluke mumzinda. Ndinamvetsera mauthengawo ndi chimwemwe, ndikuzindikira mawu ena omwe ndinaphunzira, ndipo ndinalembera a kunyumba kuti ntchito ikuyenda bwino.

Msewu wopita ku Rasuwa umadutsa ku Trishuli Bazar m'boma la Nuwakot, kenako umakwera m'mphepete mwa maphompho mpaka ku Dhunche, likulu la bomalo, n'kutsetserekera ku Syabrubesi. Kuchokera pamenepo tinawoloka mtsinje kupita kumadzulo, mbali ina pa galimoto, mbali ina wapansi, katundu atanyamulidwa ndi anyamata a m'mudzi ndi chingwe chokoleka pamphumi. Anthu ambiri ankakhalabe m'zisakasa za malata, pafupi ndi milu ya miyala yomwe inali nyumba zawo. Anatilandira mwaulemu, anatikoleka m'khosi tinsalu ta khata, ndipo nditapereka moni wa fyafulla amayi anaseka mokondwa.

Madzulo a tsiku loyamba tinasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu n'kutsegula chimkuzamawu. Kang'oma kaja katalira ana anathamangira kutsogolo, akulu n'kutchera khutu. Mawu atayamba, ndinayang'anitsitsa nkhope za amayi omwe anakhala pansi chakumanzere kwanga, chifukwa pa wailesi ndinaphunzira kuti munthu akamva nkhani yomukhudza amagwedeza mutu kapena kugunyuza mnzake. Panalibe wogwedeza mutu. Mayi wina anapitiriza kupota ubweya pa kamtengo kake, maso ali pa ulusi. Agogo ena anaweramira kwa mdzukulu wawo wa sukulu kumufunsa china chake, mwanayo n'kukweza mapewa. Uthenga utatha mnzanga anafunsa m'Chinepali ngati amva, ndipo amuna omwe anakhala kutsogolo anayankha onse pamodzi kuti amva bwino kwambiri. Tinalemba m'lipoti kuti msonkhano wayenda bwino, koma mumtima mwanga munali kachikaiko komwe sindinathe kukatchula.

Apa pali chinthu chomwe ndikanakonda kudziwa kale. Amuna ambiri a m'midzi imeneyo anayendapo, ena ngati onyamula katundu wa alendo okwera mapiri, ena kukagwira ntchito ku Kathmandu, ku Malaysia kapena kumayiko a ku Gulf. Amadziwa Chinepali, ndipo ena anakhalapo ndi Atamang a kum'mawa n'kuzolowera kalankhulidwe kawo. Iwo akati amva sakunama. Koma uthenga wa kasungidwe ka madzi ndi kasamalidwe ka mwana wodwala unali wa amayi ndi agogo, omwe ambiri mwa iwo sanakhalepo kunja kwa chigwacho. Kuwonjezera apo, mlendo yemwe wabwera ndi thandizo sauzidwa pagulu kuti zomwe wabweretsa sizikumveka. Funso lakuti "mwamva?" silipereka yankho lina koposa "inde".

Tinapitiriza choncho m'midzi ingapo, ndipo choonadi chinatulukira m'nyumba ya mayi wina wodzipereka pa zaumoyo. Ku Nepal kuli gulu la amayi otere m'midzi yonse, lomwe boma linayambitsa mu 1988, ndipo ndi iwo omwe amagawa mankhwala a Jeevan Jal, ofanana ndi Thanzi wa kwathu. Tinali titakhala pafupi ndi moto, iye akutakasa nsima ya mawere, pomwe anandiyang'ana n'kulankhula m'Chinepali chapang'onopang'ono kuti mnzanga amasulire bwino. Anati: "Bahini, mng'ono wanga, musakhumudwe ndi zomwe ndinene. Mawu a m'chimkuzamawu chanu ndi okoma, koma ndi a anthu a kum'mawa. Ine ndimatolako pang'ono chifukwa ndimapita ku maphunziro ku Dhunche, koma apongozi angawa akuti amva za madzi ndi za mwana, osadziwa kuti achite chiyani ndi madziwo." Ndinayankha kuti, "Didi, mkulu wanga, ndithandizeni, tiyeni tiwafunse iwo eni." Tinatsegula uthenga umodzi pa foni n'kupempha agogowo kuti atifotokozere zomwe amva. Anatchula mawu angapo omwe anawazindikira, kenako anakhala chete, n'kupepesa ngati kuti cholakwa chinali chawo. Kupepesa kumeneko kunandipweteka kuposa china chilichonse pa ulendo wonsewo.

Usiku umenewo mayiyo anandisonyeza kusiyana kwina, ine ndikulemba m'kope ndi tochi. Chakudya chomwe mphunzitsi wanga ankati kan, iwo amati ken. Madzi omwe ndinaphunzira kuti kyui, kumeneko amamveka ngati ki. Kachidutswa kosonyeza wochita chinthu sikamveka -se ayi, kamayandikira ku -ce. Kusiyana kumodzikumodzi kotere munthu angathe kukulumpha, koma kukachuluka m'chiganizo chimodzi, mawu ena n'kukhala achilendo kotheratu, komanso liwu likukwera ndi kutsika mosiyana ndi momwe khutu linazolowerera, womvera amatsala ndi zidutswa zokha. Iwo amadzitcha Nuppa, anthu a kumadzulo, ndipo enawo amawatcha Syarpa, anthu a kum'mawa. Mabuku ambiri amatchula mtsinje wa Trishuli ngati malire a magulu awiriwa, koma malirewo sali ngati odulidwa ndi mpeni, ndipo mkati mwa gulu lililonse mulinso kusiyana kwa chigwa ndi chigwa. Kum'mawa kuli kalankhulidwe ka ku Temal, ka ku Sailung ndi ka ku Risiangku; kumadzulo ka ku Nuwakot, ka ku Dhading ndi ka ku Rasuwa; ndipo kum'mawa kwa boma la Gorkha kuli kena komwe akatswiri amakawerengera padera.

Panalinso vuto lachiwiri lomwe silinali la kum'mawa ndi kumadzulo. Omasulira athu, chifukwa chokonda chinenero chawo, anapewa mawu obwerekera ku Chinepali n'kuikamo mawu a m'mabuku ndi ena otengedwa ku Chitibeti cha chipembedzo. Cholinga chawo ndimachilemekeza kwambiri. Atamang anaponderezedwa kwa nthawi yaitali: malamulo a Muluki Ain a mu 1854 anawaika m'gulu la anthu oti angathe kusandutsidwa akapolo, dzina loti Tamang linavomerezedwa ndi boma mu 1932, ndipo mu ulamuliro wa Panchayat, wa mfumu wopanda zipani, kuyambira 1960 mpaka 1990, sukulu ndi wailesi zinkakweza Chinepali chokha. Nkhani za m'Chitamang zinayamba kumveka pa Radio Nepal mu 1994. Munthu wokumbukira zonsezi akamalemba amafuna chinenero chake chiime pachokha, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Koma mayi yemwe mwana wake akutsekula m'mimba amadziwa sopo, simenti ndi chipatala m'mawu omwe amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa mawuwo ndi obwereka.

Kubwerera ku Kathmandu ndi nkhani imeneyi sikunali kophweka. Akuluakulu ena a ku ofesi anati malipoti onse a misonkhano akusonyeza kuti anthu anamva, ndipo zinali zoona kuti malipotiwo tinalemba ndife. Ena anati Chitamang ndi chimodzi, boma limachiwerenga ngati chimodzi, ndiye kujambulanso ndi kuwononga ndalama za opereka thandizo. Omasulira athu anakhumudwa poganiza kuti tikunyoza ntchito yawo, ndipo ndinayenera kukhala nawo pansi kuwafotokozera kuti ntchitoyo inali yabwino, koma tinaipititsa kwa anthu omwe sinali yawo. Chomwe chinasintha maganizo a anthu si mfundo zanga ayi. Ndinali nditajambula pa foni, ndi chilolezo chawo, amayi angapo akuyesa kufotokoza zomwe anamva, ndipo mmodzi mwa omasulirawo atamvetsera anavomereza yekha kuti nayenso sakumva zonse zomwe amayiwo akunena. Ngati mudzakumane ndi mkangano wotere, tengani umboni wa mawu a anthu eni ake, chifukwa lipoti lolembedwa limatsutsidwa mosavuta ndi lipoti lina.

Chilolezo chojambulanso chinatenga nthawi, chifukwa kusintha kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kunafuna kuvomerezedwa ndi opereka thandizo kunja. Pomwe chinkatuluka, mvula ya monsoon, yomwe imagwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala, inali itayamba. Msewu wa ku Dhunche umaduka kawirikawiri ndi zigumukire chapafupi ndi Ramche, ndipo chivomerezi chinali chitafooketsa mapiri kwambiri. Tinkatsika galimoto, kudutsa pa matope wapansi uku tikuyang'ana kumwamba kuopa miyala, n'kukwera galimoto ina kutsidya. Chowawa kwambiri chinali chakuti nyengo ya mvula ndiyo nyengo ya matenda otsekula m'mimba. Mauthenga a madzi omwe ankayenera kufika mvula isanayambe anafika ili mkati. Ndinkagona ndikuganiza za ana a m'zisakasa zija, ndipo kangapo ndinalakalaka kungosiya ntchitoyo n'kubwerera kwathu.

Ulendo wachiwiriwu tinasintha kachitidwe konse. Sitinanyamule zolemba za m'Chitamang ayi. Tinasonkhanitsa kagulu ka m'mudzi momwemo: mayi wa zaumoyo uja, mphunzitsi wamkazi wa pa sukulu ya pulayimale, mmisiri womanga nyumba, ndi agogo awiri. Mnzanga ankafotokoza mfundo imodzi m'Chinepali, iwo n'kukambirana mpaka atagwirizana momwe munthu wa kumeneko anganenere kwa mnansi wake, kenako mmodzi wa iwo ankalankhula kuchokera m'mutu ine ndikujambula. Situdiyo yathu inali kachipinda ka malata komwe tinakoleka mabulangete m'makoma, ndipo tinkadikira kuti mvula ikate chifukwa pa malata imasokosera. Chifukwa chosiyira zolemba chinali chakuti malembedwe a Chitamang m'zilembo za Devanagari sasonyeza kamvekedwe konse ka liwu, ndipo olemba amasiyana kalembedwe. Munthu wa kumadzulo akapatsidwa pepala lolembedwa ndi wa kum'mawa amawerenga modukizaduka, liwu n'kumveka ngati la mwana wowerenga m'kalasi, ndipo omvera amataya chidwi.

Pa zokambiranazo ndinaphunzira zinthu zomwe palibe buku likanandiuza nthawi yake. Chitamang chili ndi mawu aulemu apadera, osati kungochulukitsa munthu monga timachitira ife: kudya wamba ndi caba, koma kwa wamkulu kapena mlendo amati solba, kunena wamba ndi pangba, koma kwa wolemekezeka amati sungba. Uthenga wolangiza agogo uyenera kusankha mawu mosamala, apo ayi umamveka ngati mwana akulamula makolo. Chili ndi mawu awiri a "ife", lina lophatikiza womvera ndi lina lomusiya kunja. M'mauthenga oyamba aja munali malo omwe "ife" wake anali wosiya womvera kunja, kotero kuti uthenga unkamveka ngati bungwe likudzifotokozera zomwe limachita, m'malo moitana mudzi wonse kuti uchite nawo. Pa nkhani ya kuletsa, mphunzitsi wamkazi uja ndiye anazindikira ngozi: kachidutswa ka tha- n'kakafupi, kamabwera chakumapeto kwa chiganizo, ndipo pa chimkuzamawu chokhotakhota mawu kangathe kumezedwa, "musamwe" n'kusanduka "imwani". Tinagwirizana kuti chiletso chilichonse chinenedwe kawiri m'njira ziwiri, ndipo chitsatiridwe ndi chifukwa chake. Pa manambala tinatsata zomwe anthu amachita: ang'onoang'ono m'Chitamang, koma miyezo ya nyumba ndi ndalama m'Chinepali, poti ndi momwe amisiri amalankhulira, ngakhale kuti agogo amadziwabe kawerengedwe kakale ka m'magulu a 20.

Uthenga uliwonse tinkauyesa tisanauvomereze. Tinkapita nawo kunyumba ya munthu yemwe sanali m'kagulu kathu, makamaka mayi wosapita kusukulu, n'kumupempha kuti aumvetsere kamodzi kenako aufotokozere mnzake ife tili pambali. Tikaona kuti mfundo ina yatayika kapena yapotoka, tinkabwerera kukaikonza. Uthenga wa malamba a matabwa omwe amazungulira khoma la miyala kuti lisang'ambike unativuta kwambiri, mpaka mmisiri uja anaukonza potchula nyumba zakale za m'mudzimo zomwe zinali ndi matabwa otere ndipo sizinagwe zonse. Tsiku lomwe tinaulutsa mauthenga atsopano pabwalo, amayi anayamba kuyankhana nawo mawuwo, ena kutsutsa, ena kuseka atazindikira liwu la mnansi wawo, ndipo msonkhano unatalika chifukwa cha mafunso.

Ndichenjezenso za chinthu china chomwe chikanatigwetsa kachiwiri. A ku ofesi anafuna kuti mauthenga atsopanowa apite kwa anthu onse a m'bomalo olembedwa kuti ndi Atamang, kuphatikizapo opulumuka a ku chigwa cha Langtang, komwe mudzi wonse unakwiriridwa ndi chigumukire cha madzi oundana ndi miyala pa tsiku la chivomerezi. Anthu ambiri a kumeneko amalembedwa ngati Atamang m'zikalata za boma, koma chinenero chawo cha panyumba chili pafupi ndi Chitibeti cha ku Kyirong kutsidya kwa malire. Dzina la mtundu pa chiphaso ndi chinenero cha pamoto si chinthu chimodzi nthawi zonse, ndipo mndandanda wa mu ofesi umasonyeza choyambacho chokha.

Zikwangwani zomwe tinasindikiza mumzinda zambiri zinathera m'makatoni. Anthu odziwa kuwerenga m'midzimo anaphunzira kuwerenga m'Chinepali, ndipo Chitamang cholembedwa, chochokeranso kum'mawa, chinkawavuta kuposa Chinepali chenichenicho. Palinso zilembo za Tamyig, zotengedwa ku zilembo za Chitibeti, zomwe akatswiri monga Amrit Yonjan-Tamang ndi mabungwe a Atamang akhala akulimbikitsa, ndipo zili ndi tanthauzo lalikulu pa ulemu wa mtunduwo, koma m'midzi yomwe ndinagwiramo ntchito ozitha kuwerenga anali ochepa, makamaka alama, atsogoleri a chipembedzo cha Chibuda. Tinasindikiza zina zatsopano zochepa, za zithunzi zambiri ndi mawu ochepa a Chinepali, ndipo mutu wake tinaulemba m'Chitamang cha kumeneko monga momwe mphunzitsi wa pa sukulu analembera.

Ndinene mosabisa za mtengo wake. Ndalama za situdiyo, za owerenga ndi za zikwangwani zoyamba sizinabwerere. Kujambula kwachiwiri kunadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi koyamba, popeza zinali za mayendedwe, chakudya ndi malipiro a kagulu ka m'mudzi, koma kuti zipezeke tinachotsa midzi ina pa mndandanda, ndipo anthu a kumeneko sanalandire uthenga uliwonse kuchokera kwa ife. Ntchito yomwe inayenera kutha mvula isanagwe inatha mvula itakata. Ndinapempha kuti kontirakiti yanga iwonjezeredwe, ndipo mbali ina ya nthawi yowonjezerayo ndinagwira pa malipiro ochepa. Ndinalimbikiranso kuti anthu a m'kagulu kaja alipidwe mofanana ndi omasulira a mumzinda, chifukwa poyamba ankafuna kuwapatsa ya chakudya chabe pa chifukwa choti alibe mapepala a sukulu, chikhalirecho iwo ndiwo anagwira ntchito yomwe inathandiza.

Mauthenga oyamba aja sanatayidwe. Gulu lina la bungwe lathu lomwe linkagwira ntchito ku Sindhupalchok, boma la kum'mawa lomwe linataya anthu ambiri kuposa maboma onse pa chivomerezicho, linawatenga n'kuwayesa m'njira yomweyo ya kumvetsera ndi kufotokozera mnzako. Kumeneko ambiri anamveka, ngakhale kuti mawu a m'mabuku aja anayenera kusinthidwa, ndipo mauthenga angapo anajambulidwanso ndi anthu a m'chigwa chawo.

Kuchokera nthawi imeneyo udindo wa Chitamang wakwera. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2015 amapereka ufulu wophunzira m'chinenero chobadwa nacho, ndipo mu 2024 chigawo cha Bagmati, momwe muli Kathmandu, Rasuwa, Nuwakot ndi Sindhupalchok, chinayamba kugwiritsa ntchito Chitamang ndi Nepal Bhasa, chinenero cha Anewar a m'chigwa cha Kathmandu, ngati zinenero za boma pambali pa Chinepali. Izi zikutanthauza kuti zikalata, mabuku a sukulu ndi mauthenga a m'Chitamang zichuluka, ndipo zambiri mwa zolembedwa zimatsamira ku kalankhulidwe ka kum'mawa, komwe kuli olankhula ambiri ndi olemba ambiri. Amene atumizidwe kumidzi ya kumadzulo kwa Trishuli adzapatsidwa zolembedwa zotere zokonzeka kale, zokhala ndi chidindo, ndipo asanawononge ndalama pozichulukitsa ayenera kukaziyesa kaye kwa amayi a m'mudzi womwe akupitawo, ndi kuika ndalama ndi nthawi ya kuyesako mu bajeti kuyambira pachiyambi.